Mwala womwa ndi mwala wosamwa: ulendo wa ku Chileka ndi ku Lirangwe

Fumbi la mjigo umene ukubooledwa limasintha mtundu. Ndinaziona ndi maso m'mudzi wina kumadzulo kwa bwalo la ndege la ku Chileka, m'dera la Mfumu Yaikulu Kuntaja, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Chigalimoto choboolera chinali chitaimika mlongoti wake m'munda wouma, kompuresa ikubangula moti anthu ankalankhulana ndi manja. Poyamba m'dzenjemo munkatuluka fumbi lofiira, la dothi lomweli timalimali. Kenako linasanduka lachikasu, lofumbutuka, lodzaza timiyala tonyezimira. Mapaipi atapita pansi ndithu, kulira kwa chitsulo kunasintha, chinayamba kugogoda mouma, ndipo fumbi linabwera lotuwa.

Mnyamata wina wa pagalimotopo ankatapa zotuluka m'dzenjemo ndi fosholo n'kumaziika pansi timilu timilu, mulu uliwonse kuimira kuya kwake, mpaka unapangika mzere wautali. Amayi amene anabwera ndi zidebe maso anali pa paipi. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, maso anali pa timilu tija. Iyeyu anaphunzira za miyala ku yunivesite ndipo wagwirapo ntchito m'misasa ya anthu ofufuza migodi. Anagwada n'kumatapa mulu uliwonse, kufikisa m'manja, kulavulirapo pang'ono kuti aone mtundu wake weniweni.

"Malume, taonani apa," anatero akuloza pamene chikasu chinkathera. "Madzi a mudzi uno ali apa, m'mwala wowola uwu ndi m'ming'alu ya pansi pake. Kupitirira apa ndi mwala wouma gwa."

Posakhalitsa fumbi linasanduka matope, matope n'kusanduka madzi otumphuka m'mwamba, ndipo nthungululu zinamveka mudzi wonse. Timilu tija anthu anatiponda pokondwera. Ngati woboolayo sanalembe m'buku lake, zonse zimene mamita 40 kapena 50 a pansi pa mudziwo ananena tsiku limenelo zinathera pomwepo.

Ulendowu unayamba ndi funso langa. Mafuta akasowa m'dziko muno, tikamagona pa mizere m'malo omwetsera mafuta, sipalephera munthu wonena kuti Malawi ali ndi mafuta ambiri pansi pa nyanja, kungoti atsogoleri akugona. Masiku ano kwabweranso nkhani ina, yoti mayiko olemera akufuna malo okwirirako mpweya wa carbon dioxide pansi pa nthaka, ndipo mwina ife tingadyepo. Ndinamufunsa mphwangayo kuti zoona zake n'ziti. Iye anati nkhani ziwirizi ndi imodzi, ndipo yankho lake lili m'mwala; tiyende kuchokera ku Chileka mpaka ku Lirangwe andionetse.

Mwala wa ku Chileka ndi wakale zedi. Phiri la Michiru limene limaoneka chakum'mwera mukaima pa bwalo la ndege, matanthwe a m'mitsinje, miyala imene makasu amagunda m'minda, yonseyi ndi maziko a dziko lino: gneiss ndi abale ake, miyala imene inaphikidwa ndi kufinyidwa pansi penipeni zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo. Pamthunzi wa mtengo wa mango, mphwanga anatulutsa m'chikwama zidutswa ziwiri zimene amaphunzitsira ana asukulu. Zonse zinali zobulungira, zosalala m'mbali, kunenepa masentimita 5. Zimenezi ndi zimene anthu a ntchitoyi amati core.

Galimoto ya mijigo ija imaphwanya mwala n'kuutulutsa uli fumbi. Makina odula core ndi ena. Kunsonga kwa paipi kumakhala mphete yachitsulo yomatidwa timiyala ta dayamondi, imene imazungulira n'kumadula mwala, madzi akuiziziritsa, ndipo mtima wa mwalawo umalowa m'kati mwa paipi uli wathunthu. Akaukoka amauyala m'mabokosi aatali motsatana n'kulembapo kuya kwake. Munthu woyenda m'mbali mwa mabokosiwo amakhala akutsika pansi pa dziko mita ndi mita, osadumpha kanthu.

Mphwanga anatsegula botolo la madzi n'kudontheza dontho limodzi pa chidutswa chilichonse. Choyamba, cha mizeremizere yakuda ndi yoyera, chinali gneiss. Dontholo linangokhala pamwamba likunyezimira mpaka dzuwa linaliumitsa. Chachiwiri, chofiirira ndi chokhakhala, chinali mwala wamchenga, wa mtundu umene umapezeka ku Lengwe ndi ku Mwabvi m'chigwa cha Shire, ndiponso kumpoto ku Livingstonia ndi ku Karonga. Dontho linalowa ndikuona, n'kusiya banga lakuda.

Anthu ambiri amaganiza kuti mafuta amakhala m'dziwe lalikulu pansi pa nthaka. Ayi ndithu. Amakhala m'kati mwa mwala, m'timipata ta pakati pa mchenga, monga momwe madzi amakhalira m'njerwa yootcha imene yagonera pamvula. M'mwala wamchenga wabwino, gawo limodzi mwa magawo 5 limakhala timipata totere. Gneiss wosang'aluka safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100. Ndiponso mafuta amachokera ku tizamoyo ta m'madzi timene tinakwiriridwa m'matope n'kutenthedwa pang'onopang'ono pa madigiri a pakati pa 60 ndi 150. Mwala wa ku Chileka unapsa pa kutentha kopitirira madigiri 600, moti ngakhale mukanakhala mafuta akanapserera kalekale. Wina akadzabwera kuno n'kunena kuti pansi pa Chileka pali mafuta, kapena kuti apopera mpweya m'mwala wa kuno, mudzamuuze kuti akuonetseni core.

Tinayenda wapansi kulowera kumsewu waukulu. Ku Chileka kuno ndi kumene madzi a mumzinda wa Blantyre, opopedwa mu Shire ku Walker's Ferry, amalandiridwa ndi mapampu ena n'kukankhidwa kukwera mtunda. Nkhani yathu njira yonse inali ya mapampu ang'onoang'ono kwambiri, a m'labotale.

Dontho la madzi lija ndi chiyambi chabe. M'malabotale a mayunivesite ndi a makampani a mafuta, ku London, ku Stavanger, ku Houston, funso lomwelo amalifunsa ndi makina. Pa core wamkulu amaboolapo kachidutswa kobulungira, kunenepa pafupifupi masentimita 4, kutalika 5 kapena kuposerapo pang'ono. Amakatsuka kwa masiku angapo ndi mankhwala osungunula mafuta ndi mchere, n'kukaumitsa. Akatero amakatsekera m'kabotolo kachitsulo n'kulowetsamo mpweya wa helium, umene umalowa paliponse, kuti adziwe kukula kwa timipata tonse pamodzi. Apo adziwa kuti mwalawo ungasunge zochuluka bwanji. Koma pali funso lofunika kuposa apa: timipatato n'tolumikizana? Mwala utha kukhala ndi timipata tambiri koma totsekeka, osalola kanthu kudutsa. Muyeso wa kudutsa kwa madzi m'mwala ndi darcy, potengera dzina la Henry Darcy, injiniya wa ku France amene mu 1856 anafalitsa zimene anapeza poyesa madzi odutsa mumchenga, atagwira ntchito yobweretsa madzi akumwa mumzinda wa Dijon. Zimandisangalatsa kuti lamulo limene makampani a mafuta amadalira linachokera kwa munthu wa madzi, ndipo ndi lomwelo limene limanena ngati mjigo wa m'mudzi udzapirira chilimwe.

Kenako pamabwera ntchito yodya nthawi. Kachidutswa kaja amakaveka mphira, n'kukalowetsa m'chitsulo cholimba, n'kupopera madzi kapena mafuta kunja kwa mphirayo kuti mwala ufinyike mmene unkafinyikira makilomita awiri pansi. Chitsulocho amachiika m'bokosi lotentha, chifukwa pansi pa dziko kutentha kumakwera ndi madigiri 25 kapena 30 pa kilomita iliyonse. Amayamba ndi kudzaza mwalawo madzi amchere. Kenako amalowetsa mafuta, amene amathamangitsa madziwo koma osawatha onse. Nthawi zambiri amausiya choncho milungu ingapo kuti mafuta azolowerane ndi mchenga, poti miyala ina imakakamira madzi, ina imakakamira mafuta, ndipo khalidwe limeneli ndi limene lidzanene kuchuluka kwa mafuta amene angatuluke. Mwala ukabwerera mmene unalili pansi, amatembenuza. Pampu imakankha madzi madontho owerengeka pa mphindi, ndipo mbali inayo wofufuza amawerenga mafuta amene akudonthera m'kagalasi koyezera. Poyamba amatuluka mafuta okhaokha. Kenako madzi amaboola njira, ndipo kuyambira pamenepo amangotsata njira yomweyo, mafuta ambiri n'kutsala atakanirira m'timipata. N'chifukwa chake minda yambiri ya mafuta padziko lapansi imatulutsa pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a mafuta amene ali pansi. Mphwanga anawonjezera kuti pa milungu yonseyi magetsi sayenera kuzima ngakhale pang'ono; pampu ikaima, chitsulo chikazizira, uyambirenso.

Apa ndi pamene carbon dioxide amalowera m'nkhaniyi. Mpweyawu ukafinyidwa maulendo oposa 73 kuposa umene timapumawu, pa kutentha kopitirira madigiri 31, umasintha khalidwe: umalemera pafupifupi ngati zamadzimadzi koma umalowererabe paliponse. Pansi pa nthaka zimenezi zimachitika kuyambira pa mamita pafupifupi 800. Ukakumana ndi mafuta otsalira aja umasungunukiramo, mafuta amafufuma, amapyapyala, n'kuyamba kuyenda. M'labotale amaziona ndi maso: mwala umene unasiya kutulutsa mafuta umayambanso kudontha. Ena amaika chitsulo chonsecho m'makina a CT scan, ofanana ndi a kuchipatala, n'kumaonera mpweya ukuyenda m'kati mwa mwala. Ku Texas, pa munda wa mafuta wa SACROC, anayamba kupopera mpweyawu m'zitsime mu 1972, ndipo cholinga chinali mafuta basi.

Koma mpweya wambiri umene walowa subwerera. Wina umatsekeredwa m'timipata uli timathovu topatukana, wina umasungunuka m'madzi amchere, amene amalemera n'kumira pansi. Ngati zili choncho, utha kupoperedwa m'mwala wopanda mafuta n'kungokhala komweko. Dziko la Norway litakhazikitsa msonkho wa pa mpweyawu mu 1991, kampani ya Statoil, imene pano ndi Equinor, inaona kuti kuukwirira n'kotchipa kuposa kuutayira m'mwamba. Mu 1996 inayamba kupopera matani pafupifupi miliyoni imodzi pachaka pa Sleipner m'nyanja ya North Sea, m'mwala wamchenga wotchedwa Utsira, pafupifupi kilomita imodzi pansi pa matope a nyanja. Pa ntchito iyi core wa mwala womwa yekha sakwanira. Pamafunikanso wa mwala wadongo umene uli pamwamba pake, umene umatseka kuti mpweya usakwere. Umenewu amaufinya ndi mpweya m'labotale mpaka adziwe pamene ungayambe kuchucha. Kwa ife funso limeneli n'lalikulu, chifukwa dziko lathu lili m'chigwa chimene chikung'ambikabe. Anthu a ku Salima akukumbukira chivomezi cha mu Malichi 1989, a ku Karonga cha mu Disembala 2009.

Tinakwera minibasi mpaka pa Kameza, n'kusintha kukwera ya ku Zalewa. Pa Lunzu msika unali utasefukira mpaka mumsewu. Kupitirira Matindi dziko limatsetsereka kulowera ku Shire, kutentha kumawonjezeka ndipo malambe amayamba kuoneka. Njira yonse tinkakumana ndi njinga za makala, amuna akukankha chitunda thukuta lili kamukamu.

Tinatsika tisanafike pa Lirangwe, pamene amayi ena ankaswa miyala ya kwale m'mbali mwa msewu. Anakhala pansi miyendo atatambasula, hamala kudzanja lamanja, mwala uli m'kamphete ka mphira ya tayala kuti usathawe ndi kuti chala chipulumuke. Kumbuyo kwa aliyense kunali mulu wake, wogulitsa pa wilibala. Mphwanga anatola mwala wina wakuda bii, wolemera, wopanda mizere, n'kufunsa mmodzi wa iwo kuti uwu amauona bwanji.

"Umenewo ndi wankhanza, achimwene," anayankha osasiya kuswa. "Umatha hamala. Wamizerewu umamvera ukaupeza mbali yake."

Wakudawo ndi dolerite, chiphalaphala chimene chinalowa m'ming'alu ya gneiss n'kuuma momwemo, ndipo mizere yake ili ponseponse kum'mwera kuno. Amayiwa sanalowepo m'labotale, koma amadziwa kuti mwala uli ndi mbali yolimba ndi yofooka, zimene akatswiri amayeza ndi makina asanaganize zopopera kanthu pansi.

Lirangwe ndi kamsika ka pamsewu wa M1, pamene njanji ya ku Nkaya imadutsa ndiponso pamene pamapatukira msewu wa ku Chingale. Kwa anthu a za migodi dzinali limadziwika ndi laimu. Kuyambira kuno mpaka ku Matope, m'kati mwa gneiss muja muli mizere ya mwala woyera wa marble, ndipo kwa zaka zambiri anthu a kuno, amayi ambiri ali m'gulumo, akhala akuukumba, kuuotcha ndi kuugulitsa, monga amachitira anzawo ku Chenkumbi m'boma la Balaka. Tinakwera kabaza kukafika kumene amaotcherako. Mayi wina wachikulire, manja ndi nsidze zili mbuu, anatilonjera.

"Takulandirani, bambo. Mwabwera kudzagula kapena kudzaona?"

"Kudzaphunzira, mayi," anayankha mphwanga.

Mphwangayo anatola chidutswa cha mwala woyerawo, cha timaso tonyezimira, n'kuchipala ndi mpeni mpaka panatuluka ufa pang'ono. Kenako anadonthezapo asidi wa m'kabotolo kamene anthu a miyala amayenda nako. Ufawo unayamba kuwira, timathovu tikuphulika, kaphokoso kakumveka ukayandikiza khutu. "Uwu ndi mpweya uja, malume. Wakhala m'mwalamu zaka mamiliyoni mazanamazana."

Uvuni wa laimu si wovuta kuumvetsa. Amayala nkhuni, pamwamba miyala yoswa, nkhuni zina, miyala ina, mpaka kudzaza, n'kuyatsa pansi. Moto uyenera kufika madigiri pafupifupi 900 ndipo umayaka usana ndi usiku. Ukazima, miyala imaoneka yosasintha kwenikweni, koma ukainyamula imapepuka. Mayi aja anandipatsa iwiri yofanana kukula, wina wosaotcha wina wootcha, kuti ndiyese m'manja. Kusiyana kwake n'kosabisika. Pa makilogalamu 100 a mwala wa laimu weniweni, 44 amauluka ali mpweya wa carbon dioxide, kutsala 56. Kenako anaika wootchawo pansi n'kuthirapo madzi. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Mwadzidzidzi unayamba kulira, kutulutsa nthunzi, kung'aluka wokha, mpaka unagumuka kukhala ufa woyera wotentha moti sungaugwire. Anati ntchitoyi imadya manja ndi chifuwa, ndipo chovuta chachikulu masiku ano ndi nkhuni, zimene zikuchokera kutali chaka ndi chaka.

Laimu ameneyu akapakidwa pakhoma amayamwanso mpweya uja kuchokera mumlengalenga pang'onopang'ono n'kubwerera kukhala mwala, n'chifukwa chake amalimba akamakhalitsa. Ndiye kuti kutulutsa mpweya m'mwala ndi kuubwezeramo, anthu a ku Lirangwe amakuchita ndi manja awo. Asayansi a ku Iceland akuchita mbali yachiwiriyi pansi pa nthaka. Pa siteshoni ya magetsi ya Hellisheidi, ntchito yotchedwa Carbfix imasungunula mpweyawu m'madzi n'kuwapopera m'mwala wakuda wa basalt, wochokera ku chiphalaphala cha mapiri a moto, umene uli ndi calcium, magnesium ndi chitsulo. Anayamba kupopera mu 2012. Ambiri ankayembekeza kuti kusanduka mwala kungatenge zaka mazana, koma zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2016 zinaonetsa kuti mpweya woposa magawo 95 pa 100 unali utasanduka mwala pasanathe zaka ziwiri. Ataboola n'kutulutsa core, anapeza timizere toyera m'ming'alu ya mwala wakudawo. Chimene njirayi imadya ndi madzi: matani pafupifupi 25 pa tani imodzi ya mpweya.

Basalt tili naye. Ali m'chigwa cha Shire, chakumadzulo kwa Ngabu, kumene kumachokera miyala ya agate yabuluu ija, ndipo ndi wa zaka pafupifupi 180 miliyoni. Miyala yamchenga ya ku Lengwe ndi ku Mwabvi ili konko. Ku South Africa bungwe la boma loona za miyala, Council for Geoscience, linaboola ku Leandra m'chigawo cha Mpumalanga kuti liyese miyala yake pa ntchito yomweyi, ndipo ku Kenya makampani ang'onoang'ono akuyesa m'miyala ya mu Rift Valley. Yathuyi ingathe kapena singathe, amene anganene ndi core ndi labotale basi.

Maganizo anga pa zokwirira mpweya sindibisa. Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a tani ya mpweyawu pachaka, pamene wa ku America amatulutsa matani oposa 13. Dziko lonse lapansi limatulutsa matani oposa 35 biliyoni pachaka pootcha malasha, mafuta ndi gasi, pamene makina onse ogwira mpweyawu amene alipo angagwire matani ongopitirira 50 miliyoni, ndipo wochuluka mwa umenewu wakhala ukupita kokatulutsira mafuta ena. Munthu amene anaona matope a namondwe wa Freddy akutsika m'phiri la Soche kukakwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023 ali ndi ufulu wofunsa ngati njirayi ikuchiza matenda kapena ikungowatalikitsa. Ine ndimati pa simenti ndi laimu ndi yofunika, chifukwa mpweya wake umachokera m'mwala momwemo, ngakhale mutaotcha ndi magetsi a ku Nkula osakhudza nkhuni kapena malasha. Pa mafuta ndimaikayikira. Koma wokayikira ndi amene ayenera kudziwa kuyeza kuposa wina aliyense, apo ayi adzangomvera zimene wogulitsa wanena.

Tikudikira minibasi pa Lirangwe, dzuwa litapendeka, ndinabwerera ku funso la nyanja. M'zaka za m'ma 1980 ofufuza a ku Duke University, pa ntchito yotchedwa PROBE, anayenda pa nyanja ya Malawi akutumiza phokoso pansi n'kumamvera kubwerera kwake. Anapeza kuti malo ena matope ndi mchenga zaunjikana makilomita oposa 4. Chiyembekezo chinayambira pamenepo, ndipo chinakula pamene Uganda anapeza mafuta m'mbali mwa nyanja ya Albert mu 2006, m'chigwa cha mtundu womwewu. Boma linagawa malo ofufuzirako m'zigawo 6. Mu 2011 kampani ya Surestream Petroleum ya ku Britain inapatsidwa chigawo chachiwiri ndi chachitatu, za m'nyanja, ndipo chaka chotsatira mkangano wa malire ndi Tanzania, umene umabwerera ku pangano la Heligoland la mu 1890, unabukanso. SacOil ya ku South Africa inatenga chigawo choyamba mu 2012, RAK Gas ndi Pacific Oil zinatenga zotsalazo mu 2013. Asodzi anada nkhawa ndi nsomba zawo. A UNESCO, amene anaika paki ya ku Cape Maclear pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984, anachenjeza. Mabungwe omwe si aboma anafunsa za momwe mapangano anasainidwira. Pa zonsezi, chitsime cha mafuta sichinabooledwe m'nyanjamo ngakhale chimodzi. Takangana ndi anansi, takangana tokhatokha, pa chinthu chimene palibe anachigwira m'manja.

Core wa pansi pa nyanja yathu alipo, koma wa ntchito ina. Mu 2005 gulu la asayansi, ena mwa atsogoleri ake Christopher Scholz wa ku Syracuse University ndi Thomas Johnson wa ku University of Minnesota Duluth, linamanga makina oboolera pa chombo cha Viphya. Pakati pa nyanja, pamene madzi ndi akuya mamita 592, anaboola mamita pafupifupi 380 m'matope, ndipo pamodzi ndi malo ena chakumpoto anatulutsa core wa mamita 623. Sankafuna mafuta, ankafuna mbiri ya mvula. Matopewo anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa moti nyanja inaphwa kutsala pafupifupi magawo 5 pa 100 a madzi ake. Mbiri yonse imene ili m'matopewo imapitirira zaka miliyoni imodzi. Core ameneyu anapita kukasungidwa m'zipinda zozizira ku Minneapolis, ku America. Sindikuwadzudzula, poti matope otere amafuna firiji yosazima ndi anthu owasamalira. Chimene chimandiwawa n'chakuti mwana wa ku Nkhata Bay wofuna kugwira ndi manja mbiri ya nyanja yake ayenera kuyamba wapeza viza.

Sikuti tilibiretu poyambira. Nthambi ya boma yofufuza za miyala ili ku Zomba, ndipo mbiri yake imabwerera ku nthawi ya Frank Dixey, amene m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 anayenda dziko lino akulemba za miyala ndi madzi a pansi. Ndege za kafukufuku wa miyala wotchedwa Kauniuni zinauluka dziko lonse ndipo zotsatira zake zinatulutsidwa mu 2015, koma ndege imangoloza pamene payenera kubooledwa. Ku MUST ku Thyolo, ku MUBAS ku Blantyre ndi ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba achinyamata akuphunzira za miyala ndi migodi. Makampani adula core wa makilomita ambiri ku Songwe Hill ku Phalombe, ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Kayelekera ku Karonga.

Pempho langa likupita kwa aphungu a komiti yoona za chilengedwe ndi kwa unduna wa za migodi. Core amachekedwa pakati kale popita kokayezedwa, theka limodzi n'kutsala m'bokosi. Theka lotsalalo likhale la dziko lino, kaya kampani imafuna mafuta, malasha kapena miyala ya mtengo wapatali, ndipo boma lizilitenga ndithu kampani ikagwa kapena ikachoka. Ku Zomba kukhale nyumba yaikulu yosadontha, ya mashelefu okwanira ndi kaundula amene wophunzira aliyense angamuwerenge. Yunivesite imodzi igulidwire makina oyezera timipata ta mwala ndi kudutsa kwa madzi, pamodzi ndi magetsi osazima ndi mmisiri wowakonza akawonongeka. Makina omwewo adzatumikira madzi a pansi, amene anthu ambiri akumidzi amamwa, ngakhale mafuta atapanda kupezeka. Tisasainenso pangano la mafuta kapena la mpweya tisanakhale ndi Mmalawi amene wayeza mwalawo yekha, kuno kwathu.